Kodi manyazi ndi kukhala chete?



Ndiyambe ndi nkhani ya mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa ku madrasa kuno ku Balaka. Dzina sinditchula, ndipo zina ndasintha dala kuti ngakhale anzake asamutulukire. Ali ndi zaka 14. Chaka chatha anayamba kuzemba swala. Ikakwana nthawi ya Asr, anzake akuthamangira kukapanga wudhu, iye amvekere m'mimba mukupota, mawa lake amvekere amayi andituma. Ine ndinangoti ndi ulesi, kapena mpira wamulowa m'mutu, mpaka tsiku lina ndinamukalipira pamaso pa anzake. Anangowerama, osayankha.

Patapita masabata awiri anatsalira anzake atapita, akunamizira kupinda mikeka. Kenako, maso ali pansi, anati: "Amuallim, munthu akadetsedwa mosafuna, Allah amamukhululukira?"

Zinatenga nthawi kuti ndimvetse chomwe amanena. Mwanayu anali atayamba kudzilotera usiku, monga amachitira mnyamata aliyense akamatha msinkhu. Mnzake wina anamuuza kuti chimenecho ndi chizindikiro choti jini lamukwatira. Wina anamuuza kuti ndi matenda ndipo sadzabereka. Iye chomwe ankadziwa motsimikiza n'chakuti swala ya munthu wopanda twahara silandiridwa, ndipo zimenezo anaphunzira kwa ine. Chomwe sankadziwa ndi mmene munthu amadziyeretsera. Miyezi inayi yathunthu mwana ankadziona ngati wotembereredwa, akuopa kuponda mumzikiti.

Ndinamufotokozera kwa mphindi zosakwana zisanu. Ndinamuuza kuti ndi chilengedwe, si tchimo, si jini, si matenda, ndipo chofunika n'kusamba thupi lonse ndi niya, basi. Anandiyang'ana n'kuti, "Basi?" Ndinati basi.

Atapita ndinakhala pansi ndekha. Buku la fiqh lomwe timagwiritsa ntchito lili ndi mutu wonse wa ghusl, ndipo umatchula zimenezi mosabisa. Amene anaudumpha mutuwo ndine. Ndikukumbukira bwino tsiku lake: ndinatsegula tsambalo, ndinaona nkhope za ana, ndinati "izi mudzaphunzira mukadzakula", n'kupita pa tayammum. Ndinkadziuza kuti ndikusunga ulemu. Kunena zoona ndinkangodziteteza ndekha kuti asandiseke, komanso kuti kholo lina lisadzabwere kudzafunsa kuti ana athu mukuwaphunzitsa chiyani.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi landikakamira. Ife Asilamu timanyadira manyazi, haya, ndipo timaphunzira kuti ndi nthambi ya chikhulupiriro. Koma kodi manyaziwo ndi chimodzimodzi ndi kukhala chete? Nanga mwana akadziwa za thupi lake, kudziwako kumamuononga kapena kumamuteteza?

Ine ndinakulira kumbali ya Ntaja, m'boma la Machinga. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti pa nkhani imeneyi ndinali ndi aphunzitsi atatu, ndipo atatuwo sankalankhulana.

Woyamba anali ndagala. Ndinalowa jando ndili ndi zaka 10, nthawi ya holide yaitali, monga anyamata ambiri akwathu. Zakumeneko sizinenedwa pagulu, ndipo sindinena. Ndingoti zambiri zomwe ndinaphunzira zinali zabwino: kulemekeza akuluakulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kupirira, kuthandiza pamaliro. Koma panalinso mawu ena, osati ochokera kwa akuluakulu enieni ayi, koma kwa anyamata otsogola pang'ono amene ankabwera kudzationa. Iwo ankatiuza kuti tsopano ndife amuna, ndipo mwamuna amayenera kutsimikiza umuna wake akatuluka. Mwana wa zaka 10! Kumbali ya atsikana nkhani ya kusasa fumbi akatuluka ku nsondo tonse tinaimvapo. Mafumu ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka anailetsa, mashehe amaidzudzula, ndipo anthu ena amati inatheratu. Mwina ngati mwambo wolamulidwa inachepadi. Koma ganizo lake, loti ukavinidwa ndiye kuti wapatsidwa chilolezo, likadali m'mitu ya ana.

Wachiwiri anali phunziro la Life Skills kusukulu. Aphunzitsi athu anali bambo wabwino, koma akafika pa mutu wa kutha msinkhu ankangolemba manotsi pabolodi m'Chingerezi, ife n'kukopera, iwo n'kutuluka. Mawu ndinawaloweza, mayeso ndinakhoza. Kuti zimenezo zikukhudza thupi langa lomweli, sizinandilowe.

Wachitatu anali madrasa. Kumeneko ndinaphunzira chinthu chimodzi chachikulu, choti chiwerewere ndi haramu ndipo Qur'an, mu Surah Al-Isra ndime 32, imatiletsa ngakhale kuchiyandikira. Zoona zimenezo, ndipo mpaka lero ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Koma palibe anandiuza chochita ndi chilakolako chikabwera. Zinali ngati kumuuza munthu kuti Shire ali ndi ng'ona, koma osamuonetsa pomwe pali mlatho.

Ana a lero ali ndi mphunzitsi wachinayi, ndipo ndi yekhayo amene sachita manyazi. Foni. Mnyamata wa Fomu 1 akapeza bandulo, kapena mnzake akangomuponyera kanema pa WhatsApp, usiku umodzi amaona zinthu zomwe agogo ake sanazionepo moyo wawo wonse. Mphunzitsi ameneyu satopa, sakalipa, sauza makolo. Ndipo amaphunzitsa bodza: kuti mkazi ndi chida, kuti akati ayi ndiye kuti akufuna, kuti palibe mimba, palibe matenda, palibe mawa. Choncho tikamakangana kuti ana aphunzire za kugonana kapena asaphunzire, tikukangana nkhani yomwe inatha kale. Akuphunzira. Chatsala n'choti aphunzire kwa ndani.

Ziwerengero sindizikonda kwenikweni, chifukwa zimabisa nkhope za anthu, koma izi tizidziwe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno, 29 pa 100 aliwonse anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Ku Machinga anali pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse, limodzi mwa maboma omwe anali pamwamba kwambiri. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ndiye kunabwera 2020, sukulu zinatsekedwa mu Marichi chifukwa cha Covid-19, ndipo kafukufuku wachangu wa boma anapeza mimba za atsikana achichepere zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe. Machinga ndi boma lomwe ambiri ndife Asilamu. Sitinganene kuti ndi ana a eni. Ndi ana omwe amavala hijab Lachisanu, omwe amawerenga Juz Amma pa mikeka yathu.

Mmodzi mwa 40,000 amenewo ndi mwana wa achemwali anga. Ndibwereranso kwa iye.

Chomwe chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga mofatsa n'chakuti chete wathuyu sitinamutenge kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya Umm Sulaim, mayi wake wa Anas ibn Malik, amene anapita kwa Mtumiki kukafunsa ngati mkazi nayenso ayenera kusamba akadzilotera. Umm Salama, mkazi wa Mtumiki, anaphimba nkhope ndi manyazi atamva funsolo. Koma Mtumiki sanamuthamangitse mayiyo, sanamuuze kuti ndi wopanda mwambo. Anamuyankha momveka. Ndipo mayi Aisha (Allah asangalale naye) anawayamikira akazi a Chiansari pa chifukwa chomwechi, chakuti manyazi sankawatsekereza kuphunzira chipembedzo chawo. Taonani bwino pamenepa. Akazi amenewa anali ndi haya kuposa ife tonse. Koma kwa iwo haya inali kuopa kuchita choipa pamaso pa Allah, osati kuopa kufunsa.

Palinso nkhani ina, ya mu Musnad ya Imam Ahmad, yomwe ndikaiganiza ndimachita manyazi ndi mmene ndinamukalipira mwana uja. Mnyamata wina anabwera kwa Mtumiki, pagulu, n'kupempha kuti amulole kuchita chiwerewere. Anthu anamuzazira. Mtumiki anamuitana kuti asendere pafupi, n'kumufunsa mofatsa ngati angakonde kuti zimenezo zichitike kwa mayi ake, kwa mwana wake wamkazi, kwa mlongo wake, kwa azakhali ake. Mnyamatayo ankakana ulendo uliwonse. Mtumiki anamuuza kuti anthu enanso sazifunira abale awo zimenezo, kenako anamugwira ndi dzanja n'kumupempherera. Lamulo silinasinthe ngakhale pang'ono. Koma mnyamatayo anachoka atamvedwa. Tangoganizani mnyamata wa ku Ulongwe kapena ku Nselema atafunsa funso limenelo mumzikiti lero. Akanatuluka ndi makutu onse awiri?

Ndiye pa funso loyamba ndinafika pokhutira. Manyazi ndi chete si chinthu chimodzi. Fiqh yathu imakamba za msambo, za janaba, za magazi a uchembere, za zomwe zimamasula swaumu masana a Ramadan, ndipo mwana akangotha msinkhu malamulo amenewa amamugwira. Kumubisira ndi kumusenzetsa ngongole yomwe sakudziwa kuti ali nayo.

Funso lachiwiri ndilo lovuta, ndipo pano sindinamizira kuti ndamaliza kulimbana nalo.

Amalume anga ndi shehe kumudzi kwathu, munthu woganiza, osati wongokalipa. Nditawafotokozera maganizo angawa anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Za ghusl ndi msambo ndikugwirizana nawe, mphwanga. Koma si zimene amabungwe amabwera nazo. Iwo amabwera ndi kondomu ndi jakisoni. Ukamuonetsa mwana mmene angachimwire osagwidwa, wamuphunzitsa chiyani? Wamuuza kuti vuto si tchimo, vuto ndi mimba."

Mawu amenewa musawapeputse. Ine ndinakhalapo pa maphunziro ena a achinyamata ku Liwonde, aja amapereka fanta ndi kandalama ka thiransipoti. Wophunzitsayo ankalankhula ngati kuti aliyense m'chipindamo ali kale ndi chibwenzi, ndipo kudziletsa anakutchula kamodzi, mothamanga, anthu n'kuseka. Mtsikana wina wa hijab amene anakhala patsogolo panga anawerama nthawi yonseyo. Ndinaona kuti iyeyo, amene akuyesetsa kudzisunga, ndi amene anachititsidwa manyazi ngati wotsalira. Chipembedzo chinkatchulidwa ngati chopinga chofunika kuchilambalala. Pamenepo amalume akunena zoona. Maphunziro omwe amakamba za thupi ngati makina, osakamba za mtima, za ulemu wa mnzako, za udindo, za Mlengi, ndi operewera, ndipo ife tili ndi ufulu wonena kuti ndi operewera.

Koma pali mbali ina imene ndinalephera kuwavomereza. Iwo amakhulupirira kuti mwana akamva za zimenezi ndiye kuti akayesa. Bungwe la UNESCO, mu malangizo ake a 2018, linasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa, ndipo linapeza kuti maphunziro okonzedwa bwino sachititsa achinyamata kuyamba zogonana msanga. M'malo ambiri amawachedwetsa. Linapezanso chinthu china chimene sichitikomera kumva, chakuti maphunziro ongonena kuti dziletseni basi, osawonjezera kanthu, sasintha kwenikweni zochita za achinyamata. Mukhoza kunena kuti amenewo ndi azungu. Chabwino. Koma ife kwathu tayesa njira ya chete kwa zaka zambirimbiri, ndipo zotsatira zake ndi 4 mwa 10 aja.

Ndipo taonani zomwe chete wathu wasiya m'mitu ya ana. Izi ndazimva ndi makutu anga. Kuti mtsikana sangatenge mimba ulendo woyamba. Bodza, angathe, ngakhale asanaone msambo wake woyamba n'komwe. Kuti akasamba msangamsanga ndiye kuti wapulumuka. Bodza. Kuti mnyamata akakhala nthawi yaitali osagona ndi mkazi msana umapweteka ndipo ziphuphu zimatuluka. Bodza. Ndipo ili ndi lathulathu Asilamu: kuti wodulidwa satenga HIV. Kafukufuku anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo kwa mwamuna ndi pafupifupi 60 pa 100, osati kuchichotseratu, ndipo mkazi sumuteteza mwachindunji. Anyamata angati akwathu amene akuyenda ndi chidaliro chabodza chimenechi? Mwana amene amakhulupirira mabodza amenewa si wosalakwa ayi, ndi wosatetezeka.

Apa ndi pomwe ndaima ine, ndipo amene akudziwa zambiri andikonze. Kunena chilungamo cha mmene mimba imabwerera, mmene matenda amafalikira, ngakhale kuti kondomu ndi chiyani ndipo imateteza mpaka pati, si kupereka chilolezo. Timawaphunzitsa ana kuti mowa ndi haramu, komanso timawauza zomwe umachita ku chiwindi, ndipo palibe amati tawatuma ku bala. Ine pa madrasa sindigawa makondomu, ndipo sindidzagawa, si ntchito yanga ndipo mtima wanga sungalole. Koma mnyamata akandifunsa, sindimunamiza kuti ndi oboola kapena kuti muli tizilombo, monga ndamvera ena akunena pofuna kuopseza. Bodza ndi haramu nalonso, ngakhale utalinena ndi cholinga chabwino. Ndipo tsiku limene adzatulukire kuti unamunamiza pa kondomu, adzakayikanso zomwe unamuuza za Allah.

Palinso china. Amene wagwa m'tchimo khomo la tawba likadali lotsegula kwa iye. Koma tawba imafuna munthu wamoyo. Sindipeza paliponse m'chipembedzo changa pomwe ndikuuzidwa kuti ndizisangalala mtsikana wa zaka 15 akamwalira pobereka, kapena akatsala ndi fistula chifukwa chiuno chake chinali chisanakhwime, n'kukafera mwakachetechete m'nyumba ya agogo ake pomwe ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo ochiza matendawa. Chilango ndi cha Allah. Ife tinapatsidwa kusunga moyo.

Ndikuvomereza kuti pakati pa "ndakuuza zoona" ndi "ndakulola" pali kamzere kopyapyala, ndipo mwana wa zaka 16 akhoza kumva chimene akufuna kumva. Zimenezo zimandisowetsa tulo. Koma mzere umenewo amaujambula ndi munthu amene akulankhula naye, osati amene wakhala chete.

Tsopano za mwana wa achemwali anga.

Anali Sitandade 8 pamene sukulu zinatsekedwa. Mimba inaonekera chakumapeto kwa chaka. Mwini mimbayo sanali mnzake wa m'kalasi ayi. Anali bambo wa zaka za m'ma 30, wobwera kuchokera ku Joni, wa njinga yamoto ndi foni yaikulu. Anayamba ndi sopo, kenako mafuta odzola, kenako ndalama ya ndiwo yomwe amayi ake ankalandira osafunsa komwe yachokera. Chaka chimenecho kunyumba kunalibe kanthu. Tikamakamba za "maganizo a achinyamata pa zogonana" timayankhula ngati kuti ana awiri ofanana anakhala pansi n'kusankha. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Kumakhala njala mbali imodzi, ndalama mbali inayo.

Pa bwalo la banja ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Mwanayo anakhala pansi pakati, mutu uli m'chitenje, aliyense akumuloza chala. Wopanda khalidwe, watichititsa manyazi, hijab ija inali yonamizira. Dzina la bamboyo linkatchulidwa mwaulemu, chifukwa anali atatumiza uthenga woti ndi wokonzeka kupanga nikah. Ndipo ambiri anapumira m'mwamba. Nikah ikachitika manyazi atha, mwana adzabadwira m'banja, nkhani yatsekedwa.

Ndinafunsa kuti manyazi atha kwa ndani. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko n'kuchotsa mpata womwe unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Pa malamulo a dziko lino zomwe anachita bamboyo ndi mlandu wogwirira mwana, kaya mwanayo anavomera kaya ayi. Ndipo ngakhale pa chipembedzo chathu, nikah imafuna chilolezo chenicheni cha mkazi. Mwana amene wazunguliridwa ndi abale khumi okwiya, akagwedeza mutu, chimenecho n'chilolezo? Tinkafuna kugwiritsa ntchito chinthu choyera ngati nsanza yopukutira dothi la munthu wamkulu.

Sindinapambane ndekha. Anandithandiza ndi agogo ake aakazi, mayi osaphunzira, amene anakwatiwa ali aang'ono kwambiri, ndipo anangoti: "Ine ndinalowa m'banja ndisanadziwe kuti ndine ndani. Uyu ayi." Anathandizanso amayi a mother group a pasukulu pake, amene anatikumbutsa kuti boma lili ndi ndondomeko, kuyambira 1993, yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Nkhani inakafika kwa amfumu. Bamboyo atamva kuti ikupita kupolisi anabwerera ku Joni usiku, ndipo mpaka lero sanatumizepo ngakhale thewera. Mwanayo anabereka mwa opaleshoni. Anabwerera kusukulu, anakhoza, anasiya, anayambiranso. Si nkhani yokoma ya pa wailesi ayi. Masiku ena amalira.

Ndinamufunsa tsiku lina, tili awiri, kuti kodi ankadziwa kuti angatenge mimba. Anati: "Ankolo, anandiuza kuti poti ndine wamng'ono sizingatheke. Ndikanafunsa ndani?" Anali atavinidwa. Anali atakhoza Life Skills. Anali ataloweza masurah ambiri kuposa ine pa msinkhu wake. Ndipo analibe munthu mmodzi womufunsa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma sanatiuze kuti wolakwa ndani ngati wofunsidwayo ndiye wathawa.

Anyamata anzanga, apa ndilankhule nanu. Surah An-Nur ikamalamula zotsitsa maso ndi kusunga maliseche, imayamba ndi amuna pa ndime 30, akazi akubwera pa ndime 31. Ife tinatembenuza. Ulaliki wathu wonse ndi wa zovala za atsikana, mayendedwe a atsikana, mafoni a atsikana. Mnyamata akakhala ndi zibwenzi zitatu timati ndi dolo, tikamuona Lachisanu ali pa safu yoyamba timamupatsa salaam ngati palibe chachitika. Mtsikana akangoonedwa kamodzi akuyankhula ndi wakabaza, dzina lake latha mudzi wonse. Koma surah yomweyo, pa ndime 4, imaika chilango cha zikoti 80 kwa amene wanamizira mkazi wodzisunga popanda mboni zinayi. Ndi angati mwa ife amene tatumizapo chithunzi cha mtsikana m'gulu la WhatsApp ndi mawu onyoza? Ndipo chitsanzo chachikulu cha kudziletsa mu Qur'an ndi mnyamata, Yusuf (mtendere ukhale pa iye), wokongola, ali kutali ndi kwawo, zitseko zili zotseka, ndipo anathawa. Kundagala palibe anatiuza kuti kuthawa nakonso ndi umuna.

Kudziletsa n'kotheka, koma tisamanamizane kuti n'kophweka. Mtumiki analangiza achinyamata amene sangathe kukwatira kuti azisala, ndipo malangizo amenewo pawokha akuvomereza kuti chilakolako chilipo ndipo ndi champhamvu. Kumva chilakolako si tchimo. Mnyamata amene akuganiza kuti kungomva kokhako ndiye kuti wachimwa kale amafika poti, aaa, poti ndaonongeka kale, bola ndingopitiriza. Ndawaonapo otere. Ndinatsala pang'ono kukhala mmodzi wa iwo ndili Fomu 3, ndipo amene anandipulumutsa ndi mkulu wina wogulitsa nsomba za ku Chilwa, osati shehe, amene anangondiuza kuti nayenso zinkamuvuta ali mnyamata, n'kundiuza mmene ankachitira.

Nditatha kuganiza zonsezi ndinapita kwa akomiti a mzikiti wathu. Sizinali zophweka. Bambo wina anati ndikufuna kubweretsa za mabungwe m'nyumba ya Allah. Ndinatsegula buku la fiqh lomwe iwo eni anagula, n'kuwaonetsa mutu umene ndinaudumpha. Tinagwirizana kuti anyamata a zaka 12 kupita m'tsogolo ndizikhala nawo padera Loweruka, atsikana azikhala ndi mayi wina amene amawaphunzitsa, makolo adziwitsidwe, ndipo pa nkhani za matenda tiziitana mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene naye ndi Msilamu. Makolo awiri anachotsa ana awo. Ena atatu anabwera mwamseri kudzathokoza, mmodzi anati, "Mwatipeputsa, ife pakamwa pamalemera."

Mlangiziyo anatiphunzitsa zinthu zomwe ngakhale ine sindinkazidziwa. Kuti munthu akagwiriridwa ayenera kufika kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa pali mankhwala otchedwa PEP omwe angamuteteze ku HIV akayamba kumwa m'nthawi imeneyo. Kuti katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, ndi woteteza khansa ya khomo la chiberekero, osati wotseketsa kubereka monga zinkamvekera m'midzi. Kuti mwana aliyense akhoza kuimba 116 mwaulere akamachitiridwa nkhanza.

Tinaika katoni ya sopo pakhonde, yoboola pamwamba, kuti aliyense aziponyamo funso osalemba dzina. Sabata yoyamba munali mapepala awiri, limodzi linali lachipongwe. Sabata yachitatu munali 19. Ena oseketsa, ena omvetsa chisoni chifukwa cha kuphweka kwake. Kodi ndikayang'ana mtsikana kamodzi swaumu yanga yamasuka? Kodi msambo ukachedwa ndiye kuti ndalodzedwa? Ndinaona zolaula pafoni ya mkulu wanga, ndikulephera kuziiwala, nditani? Mnyamata wa mikeka uja tsopano ndi amene amanyamula katoniyo.

Mwezi watha tinapezamo kapepala kong'ambidwa m'kope la masamu, kolembedwa ndi pensulo, zilembo zazikulu zokhazokha ngati wolembayo amabisa dzanja lake. Kanati: "Ngati amene amandichita zoipa ndi wachibale, ndikanena ndiye kuti ndadula chibale? Poti munati kudula chibale ndi tchimo lalikulu."

Inde, ndinatero. Ndinaphunzitsa zimenezo mwezi wa Shaaban, ndipo ndinaziphunzitsa mwamphamvu.

Loweruka lotsatira tinayankha m'makalasi onse awiri, ine kwa anyamata, mayi aja kwa atsikana, osayang'ana munthu kumaso. Tinati ayi. Amene wadula chibale ndi wochita nkhanzayo, osati wonena. Tinati wochitiridwayo alibe tchimo ngakhale pang'ono, ndipo swala yake ikulandiridwa. Tinalemba 116 pabolodi, tinatchula za maola 72, tinanena kuti mayi aja amapezeka pakhomo pawo madzulo aliwonse ndipo akhoza kumuperekeza kuchipatala ndi kupolisi popanda mudzi kudziwa. Nambalayo sitinaifufute, ikadali pakona ya bolodi pamwamba pa zilembo za Chiarabu.

Kapepalako ndimakasunga m'buku la fiqh, pa tsamba lomwe ndinalidumpha lija. Papita masabata atatu. Mwini wake sanabwerebe, ndipo sindikudziwa ngati ndi mtsikana kapena mnyamata.